Odi wa Amayi

Bwerani kuno pakhonde nonse, magetsi atichitira chifundo lero. Akanakhalapo, bwenzi ndikuyankhula ndi nkhongo zanu, aliyense atazolika pa foni ngati nkhuku pa madeya. Iwe Tadala, chiike pansi chimenecho, chathima kale, ngakhale uchisisite sichidzuka. Ndinakumva m'mawa ukung'ung'udza kuti mnzako wawerenga uthenga wako koma sakuyankha, ati timizere tasanduka tabuluu. Wadikira kuyambira liti? Kuyambira pa tiyi? Kalanga ine, mwana wazunzika uyu. Nawe Pemphero, pofika paja unaima pakhomo n'kunena kuti odi, ine n'kukukalipira, iwe n'kutupa masaya. Mumati agogo ndi ovuta, ana a anthu ena amayamikiridwa akaodira. Khalani pansi ndikuuzeni kumene ukali umenewu unachokera, chifukwa nkhani ya Tadala ndi ya Pemphero ndi imodzi.

Ine ndinakulira ku Ndirande, kumtunda, phiri lidakali ndi mitengo. Inde linali ndi mitengo, musandiyang'ane ngati ndikunama. Bambo anga anali telala wa pakhonde la sitolo ina ya pamsika. Makolo awo anachoka ku Mozambiki wapansi, atasenza ana ndi mbewu, koma iwo anakulira m'tauni, ndipo chuma chawo chonse chinali makina osokera opalasa ndi phazi, akuda, a maluwa agolide m'mbali. Ana tinakula awiri, achimwene anga a Bonifasi ndi ine Esinati wowatsatira. Madzulo makinawo ankabwera kunyumba pamutu, ndipo achimwene ndiwo ankawathira mafuta. Ankawamasula tizitsulo tonse n'kutibwezeramo, bambo akuwakalipira uku akumwetulira chakumbali.

Masiku amenewo uthenga unali ndi miyendo. Ukafuna kuuza kanthu munthu wa ku Mulanje, unkapita kudepoti n'kupempha kondakitala wa basi. Iye ankakasiya kapepalako pagolosale ya pasiteji, wagolosale n'kupatsira wanjinga, mpaka kafike kali bii ndi manja a anthu. Za kunja tinkagula kupositi pepala labuluu lopyapyala, loti ukalemba n'kulipinda limasanduka envulopu lokha, n'kunyambita m'mphepete. Guluu uja ndikumumvabe palilime. Keyala yathu inali bokosi la tchalitchi, ndipo Lamulungu mapemphero akatha mkulu wa mpingo ankaima pakhomo n'kumaitana mayina. Wolandira kalata ankayenda monyada tsiku lonse. Koma telegalamu ayi. Wobweretsa telegalamu akangolowa mumpanda, azimayi ankayamba kulira isanatsegulidwe n'komwe, popeza nkhani yabwino sinkathamanga chotero.

Agogo anu aamuna, Mulungu awausitse mumtendere, anandifunsira pa kalata, pomwe ankakhala kuseri kwa msika komweko. Anaipereka kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, mayiyo n'kuikulungira pamodzi ndi zitumbuwa zanga. Inafika mafuta okhaokha, theka la chikondi chawo losawerengeka. Ndinawavomera pa theka lotsalalo. Musaseke, popanda zitumbuwa zimenezo inu kulibe.

Koma ndadumpha. Tibwerere m'mbuyo. Bambo atamwalira, ine ndili kusekondale, a Bonifasi anali mnyamata wamtima wapachala, wotopa ndi kuima pa mageti a mafakitale. Anzawo ankawauza za ku Joni. Tsiku lina amayi atapita kumaliro ku Bangwe, achimwene ananyamula makina a bambo aja n'kukagulitsa kuti apeze ya ulendo. Amayi pobwera anapeza pakona pali mbee, pangotsala madontho a mafuta pasimenti. Sanalire. Anaima pakhomo, anthu a nyumba zoyandikana atadzaza kumpanda, n'kunena mawu amene sindidzaiwala: "Wagulitsa abambo ako. Choka, ndipo usadzapondenso pakhomo panga."

Ananu, kalowa m'khutu kayaza mphasa. Achimwene anachoka m'mawa mwake. Tinamva kuti ali ku Joni, kenako kuti akugwira ntchito m'sitima za panyanja yamchere, kenako zii. Amayi sanatchulenso dzina lawo. Koma tsiku ndi tsiku, ikakwana nthawi ya mauthenga a maliro pa wailesi, ankasiya chilichonse chimene anagwira n'kukhala pafupi, dzanja lili pachifuwa. Mayina akatha ankapuma mozama n'kunena kuti, "Tsekani, mabatire atha." Ine ndinkalidziwa dzina limene ankaopa kumva.

Ndinaphunzira kutayipa, n'kupeza ntchito ku Limbe pa bungwe lina lokumba mijigo m'midzi. Nditakwatiwa tinamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi, ku Ndirande komweko, ndipo ndi mmene anabadwira amayi ako Tadala ndi abambo ako Pemphero. Kuno ku Machinjiri tinabwera mochedwa, kudakali tchire ndi afisi. Ntchito yanga inali ya tayipi yachitsulo, yofuna zala zamphamvu, ndi mapepala a kaboni odetsa bulauzi. Ukalakwitsa chilembo chimodzi kumapeto kwa tsamba, unkayambiranso pamwamba uku ukutukwana chamumtima. Inu mumangofufuta ndi chala chachikulu, n'chifukwa chake simuganiza musanalembe.

Kenako, dziko litasintha n'kukhala la zipani zambiri, kuofesi kunabwera kompyuta. Inali imodzi yokha, yaikulu, ya msana wotupa, ndipo poweruka tinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi. Pambali pake panali kabokosi ka timagetsi tothwanima, kolumikizidwa ku waya wa telefoni. Woyang'anira zonsezi anali a Twaibu, bambo wofatsa wa kofia yoyera, mwana wa wokonza mawailesi wa ku Limbe komweko, amene anakaphunzira zamakompyuta kunja. Tsiku loyamba kuti kabokosi kaja kayimbe foni, ine ndinathawira pakhomo. Kanayamba ndi kulira ngati kamwana ka mbuzi, kenako kukhosomola, kenako chiphokoso cha mvula padenga la malata, kenako chete. A Twaibu anaseka. "Musaope, mayi, akupatsana moni. Uyu wa kuno wapeza mnzake wa ku Zomba."

Anandifotokozera kuti makina athu akapereka makalata kwa a ku Zomba, amenewo amapatsira ena a ku Joni, a ku Joni n'kupatsira ena a kutsidya kwa nyanja, mpaka afike kwa mwini wake. Ndinati, "Ndiye ndi kondakitala ndi wagolosale yemwe uja?" Iwo anati, "Yemweyo, kungoti uyu sadetsa pepala." Ndinakhala pansi. Mawu anga, ochoka m'zala zangazi, alowe mu waya womwe uja timaona akhwangwala atatera pa Chinyonga, awoloke nyanja osanyowa, munthu akawawerenge mawa lake lomwe! Kalata yabuluu inkatha mwezi ili m'njira. Kufikira lero ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsembwe. Inu munabadwira momwemo, n'chifukwa chake simudabwa, monga mmene simudabwira madzi a pampopi.

Mbiri inawanda msanga. Abwana athu anali munthu wachifundo, analola kuti amene ali ndi abale kunja tiziwathandiza pa nthawi ya nkhomaliro. Anthu ankandidikira pasiteji ndi timapepala tolemba pamanja, ine n'kukatayipa, chinangwa changa chikuzizira m'chikwama. Vuto linali moni. Bambo wina wa ku Bangwe anadzaza tsamba lonse ndi kupereka moni wa munthu aliyense wa pamudzi, mpaka wa mwana wobadwa dzana, nkhani yeniyeni n'kuiika pamzere womaliza. Ndinati tidule, iye anati ndiye musatumize n'komwe. Mayankho akabwera ndinkawasindikiza pa makina ena olira ngati macheka, pa pepala la timabowo m'mbali. Loweruka ndinkayenda nawo pa minibasi, wina ku Zingwangwa, wina ku Chilomoni, wapositi wovala chitenje. Gogo wina wa ku Soche analitembenuza pepalalo uku ndi uku, kulinunkhiza, n'kundibwezera. "Sitampa ili kuti? Ndipo ili si dzanja la mwana wanga." Anakhulupirira nditawerenga pamene mwanayo ankafunsa za galu wawo wa khutu limodzi.

Patapita nthawi zinthu zinapita patsogolo, moti tinkatha kugogoda mwachindunji pa makina a kutsidya osadzera ku Zomba. Ndiye tsiku lina pulogalamu imene inkatumiza makalata yokha inafa, ndipo yatsopano inkayenera kuchokera kunja. Ntchito siikanaima. A Twaibu anandiitana. "Kokani mpando, mayi. Lero tiyankhula nawo tokha, pamanja." Pagalasi la kompyuta panali mdima, kupatula kamzere kamodzi kophethira. Anandiuza zoti ndilembe, mzere umodziumodzi, ndipo apa mpamene ndinaona chinthu chimene inu amafoni simudzachiona.

Poyamba unkapereka moni n'kutchula dzina la makina ako. Ukatero unkachotsa manja n'kudikira. Makina akutaliwo ankayankha ndi nambala ndi timawu tachingerezi totanthauza kuti takumva, takulandira. Kenako unkanena amene wakutuma, n'kudikiranso. Akavomera, unkatchula amene ukumufuna. Ngati kumeneko kulibe munthu wa dzina limenelo, ankakuuza mosabisa kuti sitikumudziwa. Ngati alipo ankati alipo. Pamenepo mpamene unkapempha kuti ndinene tsono chimene ndadzera, iwo n'kukulola. Ukamaliza unkaika kadontho kokhakokha pamzere wake, iwo n'kunena kuti talandira, tikafikitsa. Pomaliza munkatsanzikana. Ukangothamangira kukhuthula nkhani usanapereke moni, ankakubweza kuti uyambe bwino.

Ndinaseka mpaka misozi. Chitsulo, ananu! Chitsulo cha azungu, chodziwa kuodira, kudikira kuti lowani, kunena wochituma, n'kutsanzika pochoka. Ndani anachiphunzitsa? Nditafika kunyumba ndinawasimbira amayi, ndipo anakondwa nayo nkhaniyi kuposa ina iliyonse ya kuntchito kwanga. Ankauza anzawo a kutchalitchi kuti, "Makina a kwa Esinati analeredwa bwino kuposa ana a masiku ano."

Chaka chimenecho mvula itayamba, amayi anayamba kutupa miyendo. Kupuma kunkawavuta, ankagona chokhala atatsamira mapilo. Kuchipatala anatisunga masiku angapo, kenako dokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti mtima watopa, tipite nawo kunyumba tikawasamale. Munthu wamkulu amamva tanthauzo la mawu otero.

M'masiku omwewo mwana wa mkulu wa mpingo wathu anabwerako kusukulu ku dziko lina lozizira la ku Ulaya. Titatuluka m'tchalitchi anandikodola. "Anti, kodi muli ndi achimwene anu dzina lawo a Bonifasi? Ndinakumana nawo pamene Amalawi timasonkhana. Amakonza makina pa koleji ina. Atamva kuti ndine wa ku Ndirande anandifunsa ngati mtengo wa mapeyala wa pa nyumba yanu ulipobe, koma atangofunsa anatuluka panja osadikira yankho." Anandipatsa keyala yawo ya pakompyuta, ya kachilembo kaja kodzizunguliza ndi mchira wake. Ndinakhala pansi pa sitepe.

Ndinathamangira kunyumba nsapato zili m'manja. "Amayi, achimwene ali moyo! Mawa ndiwalembera kuti mukudwala kwambiri, abwere msanga."

Amayi anatseka maso nthawi yaitali, misozi ikutsika. Kenako anati, "Za matendazo usalembe."

"Nanga ndilembe chiyani, amayi? Nthawi ili kuti?"

"Ukamuuza kuti ndikufa, abwera. Ndikumudziwa, si mwana woipa. Koma adzakhala wabwerera maliro, osati ine. Ine ndinamutsekera khomo anthu akuona. Sindingamugwere ndi nkhani ngati kuti tinasiyana dzulo. Kodi suja unati ngakhale makina ako sakhuthula nkhani asanayankhidwe?"

"Amenewo ndi makina, amayi."

"Ndiye ine ndichepe nzeru kuposa chitsulo? Kalembe kuti, Odi, ndine mayi ako. Basi. Akayankha, tinena zinazo. Akapanda kuyankha ndiye kuti sakufuna, ndipo sitingamukakamize."

Ndinakwiya, ananu, ndinakwiya zedi. Ndinawauza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Iwo anati ndikawonjezera ngakhale liwu limodzi adzadziwa. Inu simunawaone amayi anga, koma anali munthu woti akakuyang'ana unkaulula ndi zimene sunachite.

Lolemba pa nkhomaliro ndinakhala pamaso pa galasi lakuda lija, a Twaibu ataima kumbuyo kwanga. Kabokosi kanalira kulira kwake. Ndinapereka moni kwa makina a kukoleji ya achimwene, anandilandira. Ndinatchula wondituma. Nditalemba keyala ija ndinachotsa manja n'kudikira, popeza ndinkadziwa kuti akhoza kunena kuti sitikumudziwa. Kamzere kanaphethira, kanaphethira, kenako yankho linatuluka: alipo. Ndinagwira pakamwa. Zaka zonse zija za wailesi ndi dzanja pachifuwa, lero chitsulo cha kutsidya kwa nyanja chikungondiuza mosavuta kuti munthu wanuyo alipo.

Ndinalemba mawu a amayi aja, mzere umodzi wosadzaza n'komwe. Zala zinaima pamwamba pa mabatani. Malo analipo ambiri, ndikanatha kuwonjezera kamzere kena. A Twaibu anawerenga n'kufunsa chapansipansi, "Ndi yomweyi basi?" Ndinawauza zonse. Iwo anati, "Wotumidwa amanena zimene watumidwa, mayi. Ikani kadontho." Ndinaika. Makina anati talandira, tikafikitsa.

Tsono Tadala, kudikira ndi uku. Mawa lake kunalibe kanthu. Tsiku linalo kunalibenso. Kenako chimvula chinagwetsera mtengo pa mawaya cha ku Chinyonga, telefoni ya kuofesi n'kufa, ndipo tinkangoyang'ana kabokosi kali duu. M'mawa uliwonse ndinkanyamula foni n'kumva zii. Madzulo ndikatsika minibasi ndinkayenda pang'onopang'ono pokhota kumpanda wathu, kutchera khutu ngati kukumveka kulira. Amayi sankafunsa ndi pakamwa. Ankangoyang'ana chikwama changa, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kutembenukira kukhoma. Anasiya kudya, ankangomwa phala lamadzimadzi pa supuni.

Agogo anu aamuna anayesa kuwanyengerera. Anagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Amayi, bwanji tifunefune nambala ya foni ya kukolejiko, tikawaimbire kupositi, tiwauze mmene zinthu zilili?" Amayi anawayang'ana mkamwini wawo n'kuyankha kuti, "Bambo, munthu akaodira sakankha chitseko." Nkhani inathera pomwepo. Ine ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti apita asanayankhidwe, ataima pakhomo la mwana wawo. Ndinkawakwiyira iwo, kukwiyira achimwene, kukwiyira mvula, ndi a Twaibu omwe amene ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngati kuti nkhonoyo ili ndi mayi wodwala.

Sabata itapitirira, waya anakonzedwa. Kabokosi kanalira, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma kuposa kukhosomola kuja. Makalata anayamba kutsika, a mijigo, a mapaipi, a misonkhano. Pakati pawo panali dzina la achimwene. Sindinawerenge pagalasi, popeza kalatayo sinali yanga. Ndinaisindikiza nditayang'ana kumbali, n'kuipinda, n'kupempha abwana kuti ndiweruke. Minibasi ya tsiku limenelo inaima pa siteji iliyonse, kondakitala akukuwa kuti malo alipo pomwe tinali titapanikizana kale, ine ndikulakalaka kutsika ndizithamanga.

Amayi ndinawapeza ali maso. Anayang'ana chikwama, ndipo nditatsegula anati, "Dikira." Anandiuza kuti ndiwakhazike bwino, ndiwamange duku wawo wa kutchalitchi. Kenako anati, "Werenga."

Chinyanja cha achimwene chinali chitachita dzimbiri, koma chinamveka. Analemba kuti: "Amayi, odi wanu ndinamuona tsiku lomwelo. Ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Mwini nyumba saodira. Amene ali panja ndine, ndipo ndakhala panja zaka zonsezi. Ndinalakwa. Odi, amayi."

Madontho a mvula ankagwera m'ndowa ya pakhonde. Amayi anati, "Esinati, katsegule chitseko cha kumaso." Ndinati kukuzizira. Anati, "Katsegule, chonse." Ndinakatsegula mpaka chinagunda khoma, odutsa m'kanjira n'kuyamba kusuzumira. Pamenepo amayi anakweza mawu, mawu amene ndinkayesa kuti anawathera kale, kuti a nyumba zoyandikana amve monga anamvera tsiku lija: "Lowa, Bonifasi! Lowa, mwana wanga!" Atapumako anandiuza kuti, "Kamulembere zimenezo. Tsopano poti walowa, ukhoza kumuuza za matenda."

Ndinabwereranso ku Limbe tsiku lomwelo, n'kupeza a Twaibu akufunditsa kompyuta. Atandiona nkhope anachotsa nsaluyo osafunsa kanthu. Moni, wondituma, amene ndikumufuna, kenako mawu a amayi, ndi zonse zimene ndinazisunga pakhosi masiku onse aja. M'mawa mwake yankho linali litafika kale: akubwera, akufunafuna ndege. Amayi anasunga pepala la timabowo lija pansi pa pilo. Ankaseka okha n'kumafunsa kuti, "Kodi adzakhala ndi imvi?" Anadyako ngakhale nthochi.

Koma mawu amawoloka nyanja tsiku limodzi, thupi la munthu ayi. Panali za tchuthi kuntchito, za pasipoti imene inatha kalekale, za ndege zodzaza nyengo ya Khirisimasi. Amayi anatisiya m'mawa wina dzuwa litangotuluka, mwakachetechete, achimwene asananyamuke. Uthengawo ndinautumiza ndekha, pamanja, ndipo tsiku limenelo ulemu wa makina aja unandipweteka: talandira, tikafikitsa. Ndinalira kuti tikanalemba za matenda poyamba paja mwina akanawapeza. Mwina. Mpaka lero sindidziwa.

Achimwene anafika titaika kale. Galimoto inawasiya kumsewu, anakwera kanjira kathu wapansi, chikwama m'manja, mutu uli mbuu monga amayi ankaganizira. Anthu anali adakali pabwalo, achibale a ku Mulanje, azimayi a kutchalitchi, ndi ena mwa omwe aja anaima kumpanda tsiku la makina osokera. Achimwene anaima pansi pa mtengo wa mapeyala, anavula chipewa, n'kuyang'ana khomo lija. Aliyense ankadikira kuti aodire monga mlendo. Ine ndinali nditakonzeka kale kuyankha m'malo mwa amayi.

Sanaodire. Anapukuta nsapato pa chiguduli n'kulowa, molunjika kuchipinda kwa amayi. Azakhali ena a ku Mulanje anang'ung'udza mokweza, "Kunjako anaiwala mwambo eti? Munthu kungolowa osaodira?" Achimwene anatembenuka, nkhope ili yonyowa, n'kuyankha mofatsa: "Ayi, azakhali. Anandiuza kale kuti ndilowe."

Pamenepo mpamene ndinamvetsa chimene amayi ankaumirira. Achimwene akanaitanidwa ndi matenda okha n'kuchedwa chimodzimodzi, akanafika pakhomo paja ali munthu wothamangitsidwa, ndipo woti awatsegulire akanakhala ali kumanda. Achimwene sanawapeze amayi, koma khomo analipeza lotsegula.

Taonani, babu layaka, ndipo maso anu onse athawira kusoketi. Pitani, katchajeni. Iwe Tadala, mnzakoyo mpatse mpata, mwina naye akulemba n'kufufuta. Koma iwe Pemphero, ndi nonsenu, mvetsetsani. Kwa eni ake kaodireni, mudikire mpaka akuyankheni. Pano ayi. Khomo ili ndinakutsegulirani tsiku limene munabadwa, ndipo likubwera tsiku limene mudzafika pano wokuyankhani kulibe. Mudzangopukuta mapazi n'kulowa.